Zigoba Zanga M'miyendo ya Kapoli

Tabwera nacho kuno chimene wafukula ndi khasucho, Rudo. Ayi, usachiike kukamwa, si wenzulo ameneyo. Ichi ndi chigoba cha chipolopolo, mkuwa weniweni, kungoti nthaka yachidetsa. Mwina chidadutsapo m'manja mwangamu, ndani akudziwa. Mukuseka chiyani? Inu ana mumayesa agogo anu adabadwa ndi ndodo ndi mawondo otupa. Gonekani makasuwo apumeko, mafoni alowe m'matumba, ndikuuzeni za chaka chimene chimanga cha komboni yonse chidatsala pang'ono kutha chifukwa cha tizigoba ngati kameneka.

Ine ndidabadwira pompano, kuno ku Wedza, pamene malo onse mukulimawa adali pulazi imodzi ya fodya. Nyumba yathu idali paja pali magwafa. Bambo anga adachokera ku Dedza ali mnyamata, kwina wapansi, kwina pa magalimoto a ulere amene ankatola anthu ofuna ntchito. Ankati angokhala zaka ziwiri, agule njinga, abwerere kwawo. Njingayo adagula, koma idathera konkuno pamodzi ndi mwini wake. Inu lero mukuti makudo, mukuti chibage, mukuti nguruve. Ife m'nyumba tinkati anyani, chimanga, nguluwe, ndipo ukasakaniza, bambo ankakufunsa kuti wasintha liti mtundu. Adali mkulu wa mpingo, munthu wa jekete ngakhale m'chilimwe.

Mwini pulazi adali mzungu wokalamba, tinkamutcha Mandevu. Ife antchito adatigawira timinda m'munsi mwa phiri lija, banja lililonse kachigawo kake. Poso amene tinkalandira kusitolo sankafika kumapeto a mwezi, ndipo ufa wake unkanunkha thumba. Choncho chimanga cha kuphiricho ndicho chinkatisunga. Munda wa amayi anga udali womalizira, wogundana ndi miyala, pakhomo penipeni pa anyani. Dzuwa likatuluka anyani, likalowa nguluwe, ndipo nguluwe sizidya mwaulemu, zimagwetsa mzere wonse kuti zilawe zitsononkho ziwiri.

Chotiteteza chidali mfuti imodzi yokha, yaifupi, yausilikali, mtengo wake wosalala chifukwa cha kugwiridwa. Mandevu adabwera nayo kuchokera kunkhondo ya ku Bama, kumene adapita ali mnyamata pamodzi ndi asilikali akuda. Anthu ankaitcha firii-noti-firii. Idali yaing'ono koma yamwano. Ikalira kuphiri, agalu a m'komboni ankalowa pansi pa nkhokwe, ndipo woiomba ankabwerako akusisita phewa.

Zaka zimenezo nkhondo ya kuno idali itangotha, ndipo m'masitolo a m'tauni katundu wochokera kunja adali wosowa. Zipolopolo za mfuti yakale ngati imeneyo ukadazipeza kuti? Koma Mandevu adali ndi zitini za onga zimene adasunga kalekale, pamodzi ndi timitu ta zipolopolo ndi timabatani tamoto tolowetsa kumatako. Chimene sakadapeza chinanso chidali chigoba. Ndiye chipolopolo chikaombedwa, chigoba chake sichinkatayidwa. Chinkabwerera kunyumba kukadzazidwanso, monga amachitira amayi anu ndi mabotolo a mafuta ophikira.

Ntchito yodzazayo ankaigwira yekha m'kachipinda ka kuseri kwa shedi, mpaka manja ake adayamba kunjenjemera, maso nawo nkuchita nkhungu. Tsiku lina adalowa m'shedi momwe tinkagireda fodya, nkuima kumbuyo kwanga akuyang'ana manja anga. Ine ndimati ndasakaniza magiredi. Adatola masamba awiri ofanana, nkundifunsa kuti lolemerako ndi liti. Ndidawaika pa zikhatho, ndidaloza. Adakawayesa pa sikelo, nkubwerako akuseka m'ndevu zakezo. Mawa lake ndidapatsidwa kiyi wa kachipinda kaja.

Amuna a m'komboni adang'ung'udza. Mkazi kugwira onga? Mfuti idzazizira, ankatero, idzaleka kupha. Foromani mpaka adakadandaula kwa Mandevu. Mandevu adamupatsa masamba awiri kuti nayenso asankhe, iye nkuloza lopepuka, ndipo nkhani idathera pomwepo.

M'kachipindamo mudali malamulo. Nsapato zinkatsala pakhomo, poti msomali wa nsapato ukhoza kuthetheka moto pa simenti. Machesi ayi, fodya ayi. Ndinkayamba ndi kutsuka zigoba ndi madzi a mandimu, nkuziyanika pa chiguduli. Zikauma ndinkatenga chimodzichimodzi, nkuchigogoda pa chitsulo, khutu lili tcheru. Chamoyo chimalira mawu aatali, ngwiii. Chong'aluka, ngakhale mng'aluwo usaoneke ndi maso, chimangoti tepe. Choterocho chinkapita kudzala, chifukwa chikadaphulikira munthu kumaso. Zabwinozo zinkalowa m'kapuresi, kamwana ka puresi yomangira mabelo a fodya, kokhala ndi mkono wotsitsa ndi dzanja. Onga ndinkayeza pa kasikelo koti ntchentche ikaterapo kankapendekeka, ndipo pamenepo sindinkalankhula ndi munthu, ngakhale Mandevu amene. Iwe Tafadzwa, usandifunse muyeso wake, maso akowo ndawaona. Zimenezo zidapita pamodzi ndi mfuti, tsiku limene idakaperekedwa kupolisi mapulazi atagawidwa.

Ntchito imeneyo ndinkaikonda, ana inu. Ndinkanyada nayo mpaka kayendedwe kanga kadasintha. Mfuti ikalira kuphiri ndili kumjigo, ndinkauza anzanga kuti amenewo ndi mawu anga, iwo nkumanditcha mkazi wa mphenzi. Sindinkakwiya, ndinkangosenza ndowa yanga khosi lili njo.

Woomba mfutiyo adali mlonda wa minda, Jailosi, mnyamata wamtali wosakonda zolankhula, makolo ake ochokera ku Mozambiki. Inde Rudo, sekuru ako, malemu agogo ako aamuna omwewo, koma usandithamangitse, panthawiyo adali mlonda chabe. M'mawa uliwonse ankafika pakachipinda, kuvula majombo, kuika zigoba zopanda kanthu pa tebulo, ine nkumupatsa zodzaza. Atsikana a masiku athu sitinkayang'ana mwamuna kumaso ngati mmene mumachitira inu. Ndinkayang'ana pansi, ndiye mapazi ake ndidawadziwa kuposa nkhope yake. Chala chachikulu cha kumanzere chidali chopindikira kunja, poti ng'ombe idamuponda ali mwana.

Chaka chimene ndikunenachi mvula idagwa bwino, chimanga chidada kuti bii. Chitayamba kuchita ngaiyaye, zigoba zidayamba kubwerera zopelewera. Aomba zisanu, abweza zitatu. Aomba zinayi, abweza chimodzi.

"Zina zili kuti, aJailosi?" ndidafunsa, maso ali pa chala chija.

"Zagwera m'maudzu, sisi Esinati."

"Dzulonso zidagwera m'maudzu."

"Maudzu akula chaka chino. Mvura yakawanda, mvula yachuluka."

Pofika nthawi ya mondokwa, m'bokosi mudatsala zigoba zongokwana m'dzanja limodzi, ndipo nazonso zidali zitatopa, zambiri zinkangoti tepe. Mandevu adasuzumira m'bokosimo, nkupukusa mutu. "Aziko goba, aziko dubula," adatero m'Chilapalapa chake. Popanda chigoba, mfuti ndi ndodo chabe. Adaitenga nkukaitsekera m'nyumba mwake.

Anyani ali ndi akazitape awo. Pasanathe masiku atatu adadziwa kuti phiri lakhala chete, ndipo adatsika ndi ana omwe kumsana. Amayi a m'komboni adayesa kuomba zitini, koma nyani saopa mkazi. Ukamuthamangira amangokhala pansi nkumakuyang'ana uku akusenda chimanga chako. Nguluwe nazo zidalowa. M'mawa wina amayi anga adabwerako kumunda nkukhala pa mtondo, chitenje chili kumaso. Mizere isanu idali itagona. Ndidamva chisoni, komanso manyazi, chifukwa anthu adayamba kunong'ona kuti tidanena ife za mkazi ndi onga.

Loweruka masana ndinkachokera kumjigo ndi ndowa pamutu. Mawa lake kudali gule, womaliza maliro a nkhalamba ina, ndiye zirombo zidatuluka kuthamanga m'komboni kuti anthu adziwe. Anzanu a kusukulu amati zvigure. Kwathu amati zirombo, ndipo zimachokera kumanda, si anthu ayi. Mkazi kapena mwana wonena zosiyana ndi zimenezo ankaona zakuda. Ine, mwana wa mkulu wa mpingo, kubwalo ndidali ndisanapondeko. Nditamva amayi a m'komboni akukuwa, ndidatula ndowa nkubisala kuseri kwa khola la nkhuku. Chimene chinkabwera chidali Kapoli, chirombo cha nthenga kumutu, thupi lonse matope, miyendo ili pamtunda.

Chidadutsa pafupi ngati apo wakhala Tafadzwa. Ngwiii, ngwiii, ngwiii. Mantha adandithera pomwepo. Mawu amenewo ndinkawamva tsiku ndi tsiku pa chitsulo changa, ndipo pakati pake ndidamvamo kamodzi koti tepe, kamene ine ndikadataya kudzala. Ndidasuzumira pa mpata wa mitengo ya khola. Kuyambira m'kakolo mpaka m'katumba, miyendo yonse iwiri, mkuwa uli waliwali. Ndipo pansi pa mkuwawo, m'fumbi, chala chachikulu chopindikira kunja.

Sindikunena kanthu ine. Chirombo ndi chirombo. Mwina kumandako kulinso ng'ombe zoponda anthu.

Koma ndidagwira njakata. Ndikauze Mandevu? Akadachotsa mlonda ntchito nkuletsa ng'oma pa pulazi, ndipo komboni yonse ikadandilavulira. Ndimufunse Jailosi pamaso? Mlandu wake ukadadya mbuzi za bambo zonse. Bambo anga ndiye sindikadayerekeza, akadayamba ndi kufunsa chimene ndinkayang'ana ku mapazi a chirombo. Ndidasiya ndowa pakhomo nkupita kwa azakhali anga aNaphiri, mlongo wawo wa bambo. Iwo adali namkungwi, wolangiza atsikana, ndipo kubwalo ndiwo ankatsogolera nyimbo za amayi. Ndidawapeza akusenda nyemba pakhonde.

"Azakhali, chirombo chikaba chinthu cha munthu, amachilanda bwanji?"

"Chirombo sichiba, mwana iwe. Chimatola."

"Nanga chikatola chinthu choti komboni yonse igone ndi njala?"

Adakoka fodya wamphuno. "Kapoli wa pulazi ya kutsidya ali ndi timabelu tochokera kumigodi ya ku Beatrice," adatero. "Chaka chatha adatichititsa manyazi pabwalo lathu lomwe. Wathuyu wachita nsanje, basi. Nsanje ilibe maso, siyang'ana kumunda."

"Ndiye ndichite chiyani?"

"Chirombo sachiimba mlandu, amachisupa. Ukachipatsa mphatso yoposa chimene chili nacho, chakalecho chimachitaya chokha. Koma wosupa ukhale iweyo, pabwalo, anthu akuona. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko."

"Nanga bambo?"

"Bambo ako ndidawabereka kumsana ine. Amakonda Mulungu, koma nsima amaikondanso."

Ndidapita kudzala la kuseri kwa sitolo, nkutola tizitini ta mkaka ndi ta fodya wamphuno, ndi zitsekerero za mabotolo. Kumtsinje ndidakasankha timiyala. Sindidangothira chithirethire ngati mmene mungachitire inu. Katini kalikonse ndinkakagwedeza pakhutu, kuchotsamo mwala, kuonjezamo wina, mpaka kalire mawu amene ndinkafuna, ena aang'ono, ena aakulu. Ndidasokerera zonsezo pa malamba a chiguduli, azakhali akundigwirira singano. Dzuwa lidatilowera tili pa mwendo woyamba, wachiwiri tidamaliza m'mamawa belu la tchalitchi lisanalire.

Lamulungu m'mawa ndidaimba m'kwaya ngati mngelo. Masana ndidati ndikukathyola ndiwo, nkutuluka ndi kamtolo m'khwapa. Mapanga awiri avumbwitsa, ndinkadziwa, koma chimanga cha amayi chinkatha. Gule ankavinira pabwalo la mpira, kuseri kwa mabalani. Anthu adali atadzaza, ena ochokera kumapulazi oyandikana, fumbi lili koboo. Ndidakaima kumbuyo kwa azakhali. Kapoli atalowa, mkuwa wanga ukulira m'miyendo, azakhali adadula nyimbo imene inkaimbidwa nkuyambitsa yawo, amayi onse nkuilandira:

Kapoli wavala mkuwa, ee wavala bwino,
kumunda nguluwe zikuvina nawo.
Tikagona ndi njala, Kapoli,
adzakuombera m'manja ndani?

Adandikankha pamsana. Ndidalowa m'bwalo chowerama, ndidagwada, nkuika kamtolo pansi. Woimba mbalule, ng'oma yotsogolera ija, adandizindikira, manja ake nkuima. Ng'oma zinazo zidatsatira. Kudangoti zii, ndipo ndidamva wina akufunsa kuti, "Uyu si mwana wa mkulu wa mpingo?" Kapoli adandizungulira kawiri, chikoti chili m'mwamba. Ndidatsinzina, ndikumva zigoba zanga zikulira pafupi ndi khutu. Ndidati lero ndakwapulidwa pamaso pa anthu, ndipo chimanga chapita.

Chikoti sichidatsike. Chirombo chidatola kamtolo, chidamasula, chidanyamula lamba mmodzi nkumugwedeza pakhutu pake. Chidagwedezanso. Kenako chidalira ndi kamawu kake kang'ono kaja, nkuthamangira m'mabulugamu. Tidadikira. Anthu adayamba kunong'onezana kuti gule wasokonezeka, ndipo amuna ena ankandiyang'ana ndi diso lofiira. Azakhali okha ndiwo adakhala pansi nkumakoka fodya wawo.

Tidachimva chisanaoneke. Chekecheke, chekecheke, kuchokera kumitengo, phokoso loposa la mkuwa katatu. Ng'oma zidadzuka zokha. Kapoli adalowa ngati kamvuluvulu, tizitini tanga tikuyankhana m'miyendo, ang'ono pamwamba, akulu pansi, monga ndidakonzera. A pulazi ya kutsidya adangoti kukamwa yasa. Amayi adaimba nthungululu, ndipo ine, mwana wa mkulu wa mpingo, ndidavina mpaka duku kugwa. Chimwemwe ngati chimenecho sindidachimvenso mpaka tsiku limene ndidabereka bambo ako, Rudo.

Lolemba m'mawa ndidapeza thumba pakhomo pa kachipinda. Nditamasula, zigoba zanga zonse zidali momwemo, zamatope, zina zikadali ndi ulusi womangira fodya. Chimene ndinkaopa kwambiri chidali choti zabooledwa, poti chigoba chobooka ndi chakufa. Koma wozimangayo adakoleka ulusi m'mkombero wa kumatako, osaboola ngakhale chimodzi. Ndikutsuka choncho, ndidamva majombo akuvulidwa pakhomo.

"Ndazipeza, sisi Esinati," adatero Jailosi.

"Kuti?"

"M'maudzu."

"Maudzu a masiku ano amamanga ndi ulusi?"

"Zvinoitika, zimachitika. Dziko lasintha."

Tsiku limenelo ndidamuyang'ana kumaso koyamba. Kuseri kwa khutu kudali kukadali ndi matope, ndipo ankaluma mlomo kuti asaseke. Mandevu atabwera adapeza nthenga m'thumbamo, adaitembenuza, nkunena kuti nkhuku za pa pulazi ino zayamba kuba. Sadafunsenso china, adangopita kukatenga mfuti.

Ndidagogoda chimodzichimodzi. Zingapo zidali zitaphwanyika ndi kuvina, zidapita kudzala, koma zambiri zidalira bwino. Ndidadzaza tsiku lonse osadya, msana uli gwa. Madzulo ake phiri lidayankhulanso. Sabata imeneyo Jailosi adagwetsa nguluwe ziwiri, anyani nkubwerera kumiyala kwawo, ndipo chigoba chilichonse chinkabwera m'thumba la malaya ake, chopukutidwa kale. Amayi adataya mizere isanu ija yokha. Chotsalacho chidadzaza nkhokwe mpaka tidamanga ina yaing'ono pambali.

Kumpingo mlandu udalipo. Bambo anga ndiwo adakandinenera okha, ndipo ndidakhala miyezi itatu pa benchi la kumbuyo, osalandira mgonero. Sindidadandaule. Nyama ya nguluwe ija bambo adadya, adapemphanso msuzi.

Titakolola, Jailosi adatumiza amalume ake kudzandifunsira. Bambo adakana kwamtuwagalu. Ine ndidali kuseri kwa chitseko, ndikumva zonse.

"Mwana wanga sangapite kwa munthu wa kudambwe," adatero. "Si yemweyu adaba zigoba, nkutsala pang'ono kutigonetsa ndi njala?"

Amayi, amene sankayankha bambo pamaso pa alendo, tsiku limenelo adayankha. "Mwayamba liti kudziwa za kudambwe, inu a mpingo? Zigoba chidatola ndi chirombo, anthu onse adaona. Uyu ndi Jailosi, amene adapha nguluwe mudadya ija."

Apa bambo adagwira njakata. Kuti atsutse, adayenera kunena pamaso pa amalume aja zimene sizinenedwa. Adatuluka, adakazungulira nkhokwe zonse ziwiri, nkubwera kudzafunsa kuti mnyamatayo angalole kumaphunzira katekisimu. Jailosi adalola. Thobwa la pa ukwati wathu lidali la chimanga chomwecho, ndipo azakhali ndi bambo adamwera chikho chimodzi.

Ndidakhala nawo sekuru anu mpaka tsitsi lathu tonse lidayera, ana asanu ndi awiri, njala ndi zokolola, pulazi kugawidwa, zonsezo tili limodzi. Za zigoba zija sadaulule, inenso sindidafunse. Lamulungu m'mawa ankakhala pambali panga m'tchalitchi, buku la nyimbo lili m'manja. Masana ng'oma zikayamba kuitana kuseri kwa mabalani, ankaimirira pang'onopang'ono, nkudziongola, nkunena kuti, "Amake ana, ndikaoneko waya wa kumunda, mwina ng'ombe zathyola." Ine ndinkati pitani bwino, bambo. Akangotuluka ndinkateleka madzi osamba mumphika waukulu, chifukwa waya ameneyo adali wamatope kwambiri.